Mayi ndi mwana wake pa benchi limodzi la sikelo

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kusokoneza zinthu. Za ubwana wanga mukuzidziwa kale, ndipo za kusukulu ya unamwino palibe chodabwitsa: tinkawerenga, tinkayala mabedi, tinkaopa aphunzitsi. Ndiyambira pomwe ntchito yeniyeni inayambira. Mayina a anthu ndawasintha, chifukwa ena akadali moyo ndipo timakumana kumsika.

Nkando, chaka changa choyamba pa ntchito

Ananditumiza pa kachipatala kena kufupi ndi Nkando ndili ndi zaka 24, nditanyamula sutikesi imodzi ndi wotchi ya pachifuwa imene bambo anga anandigulira. Mkulu wa azamba pamenepo anali Mayi Namaseko, munthu wamfupi, wa mawu ochepa, amene ankati mayi woyembekezera asanakwere pabedi uyambe wamuona mayendedwe ake. Masiku amenewo shuga tinkamuyeza mu mkodzo. Unkadontheza mkodzo m'kabotolo kagalasi momwe muli mankhwala a buluu, n'kuwiritsa pa kanyale ka sipiriti. Madziwo akasanduka ofiirira ngati njerwa, ndiye kuti shuga alimo. Koma sipiriti ankatha, mankhwala ankatha, ndipo kunena zoona palibe amene ankaganiza kuti mayi wa kumudzi wokhalira khasu angadwale shuga. Tinkati ndi matenda a mabwana a m'tauni.

Tsiku lina la msika, dzuwa litangokwera, anabwera naye pa njinga mayi wa zaka zopitirira 40, matenda atamuyamba. Inali mimba yake yachisanu ndi chitatu, ndipo kusikelo anangobwerako kamodzi. Omuperekeza ankaseka, amvekere, "Awa ndi akatswiri, a Nesi, mungowapatsa malo basi." Mutu wa mwana unatuluka bwinobwino, koma mapewa anakanirira. Ine ndi Mayi Namaseko tinachita zonse zimene tinkazidziwa, kumupinda miyendo, kukanikiza pachinena, kumutembenuza. Mmene mwana ankatuluka n'kuti atasiya kale kupuma. Anali wamwamuna, wamkulu ngati wa miyezi iwiri. Masana ake Mayi Namaseko anatenga mkodzo wa mayiyo, anakungudza sipiriti wotsala m'botolo, n'kuwiritsa ine ndikuona. Unafiira.

"Mwaona?" anatero. "Ana oyambawo anabereka ali ndi thupi la utsikana. Uyu wabereka ndi thupi lina. Mayi akamakula musamangowerenga ana amene anabereka bwino. Muzimufunsa zaka."

"Nanga tikanadziwa tikanatani?" ndinafunsa, misozi ili chuchuchu.

"Tikanamutumiza ku boma mimba isanafike apa. Pukutani m'maso, panja pali ena akudikira."

Thuchila, kuyambira chaka chachisanu ndi chinayi

Ku Thuchila ndinakhala zaka khumi ndi zitatu, ndipo awiri omaliza inu munabadwira kumeneko. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi kusowa kwa zinthu. Panali miyezi imene magolovesi tinkachapa n'kuyanika pa chingwe ngati masokosi. Choyezera bipi chinali chimodzi chipatala chonse, moti ndinkachita kuchidikira pakhomo la adokotala ngati ndikupempha moto. Bwana wathu, Bambo Chikopa, sanali munthu woipa, koma ankaopa kuberedwa kwambiri mwakuti makiyi a kabati ya mankhwala ankawaika m'sokosi. Ukafuna thonje, ankayamba wavula nsapato.

Kumeneko ndi komwe ndinayamba kusunga kope langalanga, lolembamo amayi amene ndawapeza ndi shuga wodza ndi mimba. Shuga ameneyu amayamba mimba ikafika pakati, mwa mayi amene sanadwalepo shuga, ndipo mwana m'mimbamo amadya mopitirira n'kunenepa. Sindine wofufuza, choncho manambala sindikupatsani. Ndikuuzani zimene maso anga anaona. Atsikana a zaka za m'ma 20, akamvera za chakudya, ambiri ankachira bwino ndipo shuga ankatha mwana akangobadwa. Sikuti onse, ayi, ndinaonapo wamng'ono atavutika. Koma amayi opitirira zaka 35 shugayo sankabwera yekha. Ankabwera ndi bipi, ndi kutupa, ndi madzi ambiri m'mimba. Ana awo ankakula kwambiri kapena kubadwa masiku asanakwane, opareshoni inkawapeza kawirikawiri, ndipo ena shugayo ankawakhalira mpaka kalekale. Chovuta chinali chakuti amayi akuluakuluwa ndiwo ankachedwa kubwera kusikelo, poti ankati njira akuidziwa, ndiponso ife azamba maso athu onse ankakhala pa a mimba yoyamba.

Limbuli, chaka cha makumi awiri ndi ziwiri mpaka kupuma

Kudera la Limbuli ndinafika ndili kale ndi imvi zowerengeka. Odwala athu ambiri anali a m'makomboni a esiteti ya tiyi ndi alimi a m'midzi yozungulira, ena ochokera kutsidya kwa malire. Woyang'anira chipatala anali a Matola, dokotala wachinyamata wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wolimbikira ntchito ndi waulemu. Pamenepo ndinapeza chinthu chimene ndinkachilakalaka zaka zonse: kamakina koyezera shuga m'magazi, kongobaya chala. Kamakinako kanali kabwino, koma kankadya timapepala take, tomwe tinkangoti masitiripi, ndipo kapepala kamodzi kankagwira ntchito kamodzi. Toviika mu mkodzo tinali nato tambiri, koma timeneto timangokuchenjeza. Kuti udziwe ngati shuga akukwera kapena kutsika, uyenera kuyeza magazi.

Lachitatu lina la sikelo, mvula ili pakati ndipo tiyi akuphuka tsiku ndi tsiku, anabwera mtsikana wa zaka 20 dzina lake Tereza, ali ndi mimba yoyamba ya miyezi isanu ndi umodzi. Mkodzo wake unaonetsa shuga. Nditatuluka kukaitana womuperekeza, ndinapeza mayi ake, Mayi Felesiya, atakhala kumapeto kwa benchi, atakulunga zitenje ziwiri ndi jekete pamwamba, kunja kukutentha choncho. Ataimirira anayamba wagwira m'chiuno.

"Mosheliwa, amake Tereza," ndinawalonjera m'Chilomwe chawo. "Nanga inu sikelo yanu muyamba liti?"

"Ine ndangoperekeza mwanayu, a Nesi."

"Lowani muno, tikambirane awiri."

Nditatseka chitseko anavula jekete ija n'kuyang'ana pansi. Mimba inali ya miyezi isanu ndi iwiri, koma pa tepi yoyezera mimba inkaoneka ngati yatsala pang'ono kukwana. Anali ndi zaka 42, wothyola tiyi, ndipo iyi inali mimba yachisanu ndi chiwiri.

"Kukomboni andiseka, a Nesi," anatero. "Munthu woti mawa akhala gogo, mimba kutsogolo, limodzi ndi mwana wake. Ndimati ndingokhala chete, nthawi ikakwana ndidzabwere."

Ndinawafunsa za ludzu. Anati kumunda amamaliza chigubu cha madzi dzuwa lisanafike pamutu, ndipo pomwe ataya madzi pamadzaza nyerere. Mwana wawo womaliza, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anabadwa wamkulu ndipo anawavuta. Bipi nayo inali itakwera pang'ono. Ndinawauza onse awiri kuti abwere m'mawa mwake asanadye kanthu.

Vuto linali masitiripi. Anali atatsala kabotolo kamodzi, ndipo ku boma anatiuza kuti ena afika pakatha miyezi iwiri kapena kuposerapo. A Matola anali ndi odwala awo a shuga odzibaya jakisoni, amene sakanawasiya osayeza. Tinakhala pansi, anawerenga, n'kundipatsa khumi ndi anayi. Awiri ndinayezera mayi ndi mwana wake m'mawa uja. Onse shuga anali wokwera, ndipo manambala awo anali pafupifupi ofanana. Ndinatsala ndi khumi ndi awiri. Kuti umutsate bwino mayi, uyenera kumuyeza kawiri pa sabata, kamodzi asanadye, kamodzi atadya. Ndikanagawa pakati, akanatha m'masabata atatu, n'kundisiya mumdima mimba zonse ziwiri zikuyandikira kumapeto, nthawi yomwe zinthu zimasintha msanga. Ndikanapatsa munthu mmodzi, ndikanamutsata masabata asanu ndi limodzi. Kuwatumiza ku boma opanda umboni sikukanathandiza, poti akanawayeza kamodzi, kuwalangiza za chakudya, n'kuwabweza kwa ine.

"Mayi, perekani kwa mtsikanayo," anatero a Matola. "Mimba yoyamba ndi imene sitiidziwa njira yake. Enawo abereka kasanu n'kamodzi."

"Adokotala, mtsikanayo ali ndi shuga yekha. Mayi ake ali ndi shuga, ali ndi bipi, ali ndi zaka 42, ndipo mimba yakula kale kupitirira masiku ake. Manambala afanana, koma matupi sanafanane."

"Zikavuta kwa mtsikanayo, ku boma adzafunsa ine."

"Lembani m'buku kuti ndasankha ndine. Ndisayinira pansi pake."

A Matola analemba, ine n'kusayina.

Kuuza Mayi Felesiya ndiko kunali kovuta kuposa. Nditafotokoza kuti iwo ndiziwabaya chala kawiri pa sabata, pomwe Tereza ndizingomuyeza mkodzo n'kumamuyeza mimba ndi tepi, anaimirira.

"Ndiye mukufuna kupulumutsa nkhalamba n'kusiya mwana? Ine ndabereka kale, a Nesi. Ndaona zonse. Uyu sanaone kanthu. Timapepala tanuto mupatseni iyeyu."

"Amake Tereza, mwana wanu sindikumusiya. Ndizimuona sabata iliyonse. Koma amene ndikumuopera kwambiri ndinu."

"Ndani anakuuzani kuti muziopera ine? Ngati ndi choncho simundionanso pano."

Tereza ankangolira. Ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera za chakudya mayi ake akumva. Tiyi wopanda shuga, thobwa lotsekemera ayi, mzimbe ayi, zakumwa za m'mabotolo ayi. Ufa woyera asiye, adye mgaiwa mtanda umodzi, ndiwo zamasamba zambiri, nandolo, nyemba, usipa. Adye pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, ndipo akadya aziyenda. Mayi ake anamva zonse ali chilili pakhomo, kenako anatenga jekete yawo n'kutuluka osatsanzika.

Sabata yotsatira Tereza anabwera yekha. Anati mayi ake chakudyacho akutsatira, poti mphika ndi umodzi, koma kuchipatala anenetsa kuti sapondako. Ndinaganiza kuti ngati wodwala sabwera kwa namwino, palibe lamulo loletsa namwino kupita kwa wodwala. Lachisanu masana, nthawi yanga yopuma, ndinaika kamakina ndi choyezera bipi m'chikwama, ndinakwera kabaza mpaka pa shedi pomwe othyola tiyi amayezetsa madengu awo. Ndinawapeza atangomaliza kudya. Azimayi onse anatembenukira kwa ine.

"Mwanditsatira mpaka kuno?" anatero Mayi Felesiya.

"Ndakutsatirani. Ndipatseni chala."

"Pamaso pa anthu onsewa?"

"Mukafuna pobisika, chipatala mukuchidziwa."

Mayi wina wachikulire anaseka n'kunena kuti, "Apatseni chala, amwali, mimbayo tonse tinaiona kale." Mayi Felesiya anatambasula dzanja nkhope itayang'ana kumbali. Kuyambira tsiku limenelo ndinkapita Lolemba mamawa kukomboni asanadye, ndi Lachisanu masana ku shedi. Kukagwa mvula wakabaza ankatsika n'kumakankha njinga m'matope, ine ndikuyenda pambuyo nsapato zili m'manja. Manambala ndinkawalemba pa tsamba limodzi la kabuku kawo ka chipatala. Sanandipatseko moni ngakhale tsiku limodzi.

Sindikufuna muganize kuti mtima wanga unali m'malo. Sabata yachitatu mkodzo wa Tereza unaonetsa shuga wochuluka kuposa kale. Anaulula kuti anali ku chinkhoswe cha mnzake ndipo anamwako zotsekemera. Kabotolo ka masitiripi kanali m'thumba la yunifolomu yanga. Ndinakagwira, ndinakatsegula, kenako ndinakatseka. Ndinamuuza kuti abwerenso pakatha masiku atatu. Masiku atatu amenewo chakudya sichinkatsika, ndipo bambo anu ankandifunsa ngati ndikudwala. Atabweranso mkodzo unali utayera, mwana akusewera bwino, tepi ili pamalo pake. Mpaka lero sindidziwa kuti ndikanayankha chiyani zikanapita kwina.

Kwa mayi ake zinthu zinkalowera kumene ndinkaopa. Chakudya chinali chomwecho chimene chinkathandiza Tereza, koma shuga wawo ankangokwera sabata ndi sabata. Lachisanu la sabata yachisanu ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo, dengu lili pambali losadzaza. Nkhope inali itatupa, ndipo mphete inali italowa m'chala. Anati mutu ukuwawa kuyambira dzulo lake. Bipi inali itakwera kwambiri.

"Lero tikupita ku boma," ndinatero.

"Ndikachoka pano nthawi ya tiyi, akapitawo aika wina pamzere wanga."

"Aike. Mzere mudzapeza wina. Ana asanu ndi mmodzi aja mayi wina akamupeza kuti?"

Anayang'ana dengu lija, kenako anandipatsa dzanja kuti ndiwadzutse. Pa chipatala chathu a Matola anawapatsa mankhwala otsitsa bipi n'kulemba kalata. Ambulansi inali itapita kukatenga wodwala wina kutali, ndipo sindinafune kudikira. Tinakwera minibasi, ine ndi iwo, Tereza atatiponyera kathumba ka zovala pawindo. Ku boma dokotala wa amayi anatsegula kabuku kaja, anatsata manambala ndi chala kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kufunsa kuti walemba ndani. Ndinati ndine. Iye anangoitana namwino kuti akonze bedi.

Anawayambitsa jakisoni wa shuga n'kuwasunga masabata awiri. Bipi itakana kutsika, anawachita opareshoni kutatsala pafupifupi sabata ziwiri kuti masiku akwane. Anabadwa mwana wamkazi wopitirira makilo anayi. Atangobadwa shuga wake anatsika kwambiri, monga zimachitikira ana ozolowera shuga wambiri m'mimba, ndipo anakhala ku nazale masiku asanu ndi limodzi. Anatuluka onse awiri amoyo. Patapita mwezi, Tereza anachira m'manja mwanga pa chipatala chathu chomwecho, m'mawa wa Lachiwiri, mwana wamwamuna wa thupi labwinobwino. Shuga wake anatha pasanathe miyezi iwiri. Wa mayi ake sanathe. Anayamba kumwa mapiritsi, ndipo ndikumva kuti akumwabe mpaka pano. Pamzere wawo wa tiyi anaikapodi wina, moti chaka chimenecho anadalira kamunda ka chimanga ndi kugulitsa tomato pa Limbuli. Tikakumana kumsika ankatembenukira kumbali. Sindinawadandaule. Anali atataya ntchito, ndipo m'maso mwawo ndinali munthu amene ndinaika mwana wawo pambuyo.

Chimene ndinatsimikiza n'chakuti sindidzasankhanso pakati pa amayi awiri chifukwa cha timapepala. Ndinauza a Matola kuti mayi aliyense wopitirira zaka 35 azibayidwa chala kusikelo, kaya akuoneka wathanzi chotani, ndipo wamng'ono aliyense amene mkodzo wake wachenjeza azibayidwanso. Anavomera, koma anati masitiripiwo ndikawapeze ndekha. Ndiye mwezi uliwonse ndinkapita ku boma ndi fomu yanga, n'kukhala pa benchi la kosungira mankhwala. Akati kulibe, ndinkati ndidikira. Akapita kukadya, ankandipeza ndili pomwepo. Anandipatsa dzina loti Mayi Shuga, ndipo sindikhulupirira kuti linali lachikondi. Miyezi ina ndinkabwerako chimanjamanja. Koma miyezi yambiri ndinkabwerako ndi kabotolo kamodzi kapena tiwiri, ndipo ndinachita zimenezi mpaka tsiku limene ndinapuma.

Patatha pafupifupi chaka chibadwire ana awiri aja, Lachitatu lina ndikulemba makadi a sikelo, ndinamva munthu akukangana ndi mlonda pakhomo. Anali Mayi Felesiya, mwana kumsana, akukoka pamkono mayi wina wamtali, wa imvi za m'mbali, amene ankaoneka kuti wabwera mosafuna. Anadutsa mzere wonse mpaka pa tebulo langa. Moni sanapereke.

"Awa ndi anansi anga," anatero. "Akumwa madzi ngati ng'ombe, ndipo akuti mimba yachisanu siifuna sikelo. Abayeni chala."

"Adikire pamzere, amake Tereza."

"Pamzere athawa. Ndawakoka kuchokera kukomboni." Anatembenukira kwa mnzawoyo. "Inu khalani pansi. Awa musalimbane nawo, mungotopa. Mukakana pano akupezani kumunda."

Ndinayang'ana amayi a pamzere, ndipo wakutsogolo anagwedeza mutu kuti palibe vuto. Ndinakoka mpando, ndinatsegula kabotolo, n'kuuza mayi wamtaliyo kuti andipatse dzanja.